Makina Olemba ndi Bongo: Kodi Adzafika kwa Wodwala Wosauka?

Munthu akafa ziwalo mpaka lilime kuuma, ambiri amayesa kuti nzeru nazo zapita. Sizitero nthawi zonse. Pali matenda monga ALS, amene amapha pang'ono-pang'ono minyewa yoyendetsa thupi, pamene wodwala akumva ndi kuganiza bwino lomwe. Amafuna kunena pamene pakuwawa, kulangiza ana, kapena kuitana ansembe, koma mau satuluka.

Anthu a ku South Korea amalidziwa bvutoli kupyolera mwa Park Seung-il, mphunzitsi wa masewera a basketball amene anapezeka ndi ALS mu 2002, namwalira mu 2024. Kwa zaka zambiri anali kukamba ndi anthu ndi maso cabe. Nanga maso nawo akafooka? Ndiye cifukwa cake akatswiri m'maiko ambiri, pamodzi ndi a ku Korea University ndi Hanyang University mu mzinda wa Seoul, akufufuza makina oti munthu azilemba ndi bongo, popanda dzanja.

Si ufiti iai. Bongo umagwira nchito ndi timphamvu ta magetsi tating'ono kwambiri. Dotolo wa ku Germany, Hans Berger, ndiye anayamba kutijambula pa munthu mu 1924, ndipo njirayi imachedwa EEG. Munthu amabvala cipewa cokhala ndi timabatani togunda khungu la kumutu, mawaya ake napita ku kompyuta. Mu 1988 akatswiri awiri a ku America, Farwell ndi Donchin, anaika zilembo ndi zizindikiro zina m'timabokosi 36 pagalasi la kompyuta, mizere yake iliwala mosinthana-sinthana. Cilembo cimene munthu akufuna cikawala, bongo umadzidzimuka pang'ono lisanathe theka la sekondi, ndipo kompyuta imazindikira. Makinawa sawerenga zinsinsi za mumtima. Amangoona cilembo cimene munthu waikapo maganizo.

Kulemba Cikoreya mwa njira imeneyi kuli ndi bvuto lake-lake. Zilembo zawo, zochedwa Hangul, zinapangidwa ndi Mfumu Sejong mu 1443 ndi kulengezedwa mu 1446, kuti anthu wamba asabvutike ndi zilembo za ku China. Lero ziripo 24: makonsonanti 14 ndi mavawelo 10. Koma sizilembedwa mondondozana monga zathu. Zimaunjikidwa ziwiri, zitatu kapena kuposapo m'kabokosi kamodzi, ndipo timabokosi totheka tiripo 11,172. Palibe galasi limene tingakwanepo tonse. Ndiponso kusankha kulikonse kumadya nthawi ndi kutopetsa wodwala.

Apa nzeru za makolo awo zikuwathandiza. Mavawelo a Hangul anamangidwa ndi zizindikiro zitatu: kadontho koimira kumwamba, mzere wogona woimira dziko lapansi, ndi mzere woimirira woimira munthu. Mafoni a Samsung anatengera nzeru imeneyi pa kalembedwe kochedwa Cheonjiin: mabatani atatu a mavawelo ndi asanu ndi awiri a makonsonanti. Mabatani khumi akwanira cilankhulo conse. Zosankhapo zikacepa, kompyuta siiphonya kwambiri, ndipo makina otsika mtengo angakwanitse nchitoyo, ngakhale kuti munthu amasankha kangapo kuti amalize liu limodzi.

Tsono nkhani yaikulu ndi ndalama. Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi yoboola cigaza ndi kuika kacipangizo mu bongo mwenimweni. Mu 2021 akatswiri a ku Stanford anaonetsa munthu wofa ziwalo akulemba zilembo 90 pa mphindi imodzi mwa kungoganiza kuti akulemba ndi dzanja. Mu January 2024 kampani ya Neuralink nayo inaika kacipangizo kake mwa munthu woyamba. Nzodabwitsa, koma zifuna opaleshoni, madotolo apadera ndi cuma cambiri.

Njira yaciwiri ndi ya cipewa cija. Makampani monga Emotiv, NeuroSky ndi OpenBCI amagulitsa zipangizo zotere pa madola mazana angapo kapena kuceperapo, ndipo OpenBCI imaika poyera mapangidwe ake kuti ena atengere. Koma cochipa cili ndi zofooka zake. Timphamvu tija timafika kunja titafooka ndi fupa, khungu ndi tsitsi. Kuli ngati kumvetsera anthu a m'cipinda cina pamene mvula ikugunda pamalata. Kuphethira kapena kukukuta mano kumasokoneza. Kawiri-kawiri munthu amalemba zilembo zowerengeka pa mphindi, ndipo kwa anthu ena makinawa sagwira konse. Pafunikanso magetsi ndi munthu wombveka cipewaco.

Ngakhale ziri tero, njira yochipayi ndiyo yoyenera kuiyang'anira. Kwa ife olankhula, zilembo zisanu pa mphindi ndi kucedwa. Kwa munthu amene wakhala cete caka cathunthu, zilembo zisanu ndi liu lakuti "madzi". Makina a mtengo wapatali adzathandiza ocepa. Ochipa ndiwo angalowe m'nyumba za anthu wamba.

Palinso phunziro la cilankhulo. Kafukufuku wambiri anacitika ndi zilembo za Cingelezi, koma wodwala amafuna kulira m'cilankhulo cimene anayamwira. Cinyanja cili ndi mwai, pakuti zilembo zathu nzomwe ziri kale pa makompyuta. Koma liwiro limadza pamene kompyuta ikulotera liu munthu asanalimalize, ndipo imaphunzira zimenezi kucokera ku zolembedwa zambiri. Zolembedwa zathu nzocepa. Amene salemba cilankhulo cawo, makina adzawalumpha.

Cenjezo nali. Makinawa akali makamaka m'manja mwa ofufuza, ndipo saciritsa matenda. Wina akabwera pamsika ndi cipangizo cimene akuti cimawerenga maganizo kapena kuciza sitiroko, sungani ndalama zanu za cimanga. Dziwaninso kuti sitiroko ina imaononga mbali ya bongo yosunga mau, ndipo wodwala wotere zilembo sizingamthandize. Funsani kucipatala.

Koma musadikire za ku Korea. Mtolankhani wa ku France, Jean-Dominique Bauby, analemba buku lathunthu mwa kuphethira diso lamanzere pamene womthandiza anali kumchulira zilembo, ndipo linatuluka mu 1997. Inu a m'miphakati ndi magulu oyendera odwala, tengani katoni, lembanipo zilembo m'mizere, muzilozera cimodzi-cimodzi, wodwala aphethire mukafika pa cimene afuna. Wosadziwa kuwerenga mugwirizane naye: kuphethira kamodzi ndi inde, kawiri ndi iai. Kuona maso a nkhono nkudekha. Musamlankhulire wodwala ngati kuti palibe. Mfunseni, ndipo mudikire yankho.