Kuloweza Si Kuganiza

M'sukulu zambiri mwalowa nthenda yokonda yankho lokonzakonza. Wophunzira amaloweza kuti magetsi amachokera ku Nkula ndi ku Tedzani pa mtsinje wa Shire, nakhoza mayeso, koma akafunsidwa chimene madziwo amachita kuti nyale iyake, amangoti kukamwa yasa. Wotereyu akakumana ndi vuto amathamangira kufunsa mmene anzake amachitira, osafunsa tsinde la vutolo. Mphunzitsi amene amakalipira mwana wofunsa kuti "chifukwa chiyani?" ndiye amafesa nthendayi.

William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, analeka sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002. Kwawoko anthu ankadziwa chinthu chimodzi, chakuti magetsi amabwera ndi mapolo, mawaya ndi ndalama zambiri, ndipo popeza izi kunalibe, nkhani inkathera pomwepo. Mnyamatayu anayamba ndi funso lina: kodi magetsi amabadwa bwanji? Anapenyetsetsa dayinamo ya njinga. M'kati mwake muli maginito amene amazungulira pafupi ndi waya wokulungidwa, ndipo kuzungulirako n'kumene kumabala magetsi. Choncho tsinde la nkhani si madzi kapena mapolo ayi, koma kuzungulira. Pa njinga umazunguza ndi mwendo, ku Nkula amazunguza ndi madzi. Nanga mphepo, imene imaomba ulere ku Kasungu, ingalephere bwanji?

Atafika pamenepo, zotsala zinali za manja chabe. Anatola fani ya thirakitala kudzala, nawongola mapaipi apulasitiki pamoto kuti akhale mapiko, namangirira zonsezi ku njinga ya bambo ake pamwamba pa nsanja ya mitengo ya bulugamu. M'chaka cha 2002 babu linayaka.

Alipo ena amene amati kuganiza kotereku n'kudzikuza, pakuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo kufukula zimene anzeru anazipeza kale n'kutaya nthawi. Anthuwa amasokoneza nzeru ndi chizolowezi. Kamkwamba sananyoze anzeru akale. Mfundo ya maginito ndi waya anaipeza Michael Faraday mu 1831, ndipo mnyamatayu anatsamira pa iyo. Ankapita ku kanyumba ka mabuku kukabwereka mabuku a sayansi, makamaka lotchedwa Using Energy, nawerenga zithunzi pamene Chingerezi chamukanika. Chimene anakana ndi chikhulupiriro chakuti njira imene anthu anazolowera ndiyo yokhayo. Chikhulupirirochi chilibe mwini, ndipo palibe anachiyesapo. Chimangoyenda pakamwa ngati mphekesera.

N'zomvetsa chisoni kuti pamene ankatola zitsulo kudzala, anthu ankamunena kuti wachita misala, ena n'kumati akusuta chamba. Makinawo atayamba kuzungulira, anthu a m'dera lomwelo ankabwera pakhomo pawo kudzatchajitsa mafoni.