Phale nalonso lili ndi nkhani yake

Anthu amene sankadziwa kulemba anatisiyirabe kalata, ndipo ine ndimati kalata yawoyo ndi mphika. Nsalu imaola, denga limagwa, koma dongo lootcha limakhala m'nthaka zaka zikwizikwi.

Taonani za ku China. Mu 1921, katswiri wa ku Sweden, Johan Gunnar Andersson, anafukula mapale ofiira ojambulidwa ndi utoto wakuda pamudzi wa Yangshao m'chigawo cha Henan. Dzina la mudziwo ndi limene akatswiri anapatsa chikhalidwe chonse cha alimi akalewo. Mu 1953 kunapezekanso mudzi wawo wina ku Banpo, pafupi ndi mzinda wa Xi'an, womwe munkakhala anthu zaka zoposa 6,000 zapitazo.

Anthu a ku Banpo ankalima mbewu yofanana ndi mawere, ankaweta nkhumba ndi agalu, komanso ankawedza nsomba. Mudzi wawo anauzunguliza ndi ngalande yakuya, ndipo ng'anjo zootchera mbiya ndi manda a akuluakulu zinali kunja kwa ngalandeyo. Mbiya ankaumba ndi manja monga amachitira amayi athu, kenaka n'kujambulapo nsomba, agwape ndi nkhope za anthu asanaziotche.

Chondikhudza kwambiri n'chakuti mwana wamng'ono akamwalira, kawirikawiri sankapita naye kumanda. Ankamugoneka mumtsuko, n'kuvundikira ndi mbale, n'kumukwirira pafupi ndi nyumba. Zina mwa mbale zimenezi ndi zojambulidwa mwaluso, ndipo zina zili ndi kabowo pansi. Akatswiri ena amaganiza kuti kabowoko nkodutsira mzimu. Palibe kholo la ku Banpo linalemba za chisoni chake, koma mbaleyo ikutiuza.

Kuno kwathu nako nthaka yasunga zake. Mbiya za alimi oyambirira zomwe zinafukulidwa ku Nkope m'boma la Mangochi sizinapakidwe utoto ngati za ku Yangshao. Eni ake ankazikongoletsa pozilemba mizere dongo likadali lofewa. Poyerekeza mizere yotereyi, akatswiri amatsata njira zomwe makolo athu anayenda.

Choncho inu alimi ndi inu oumba njerwa, khasu likatukula mapale ambiri a mizeremizere pamalo amodzi, musawamwaze. Asiyeni pomwepo, muuze mfumu, ndipo mfumuyo idziwitse a boma oona zinthu zakale. Phale likachoka pamalo pake, theka la nkhani yake latayika.