Masitolo a zaulimi ku Angónia akukula, koma kope ndi Excel zikutsalira

Mvula yoyamba ikamayandikira, mu Okutobala ndi Novembala, masitolo a feteleza ndi mbewu ku Ulónguè, Dómuè, Tsangano ndi m'misika ya m'malire ngati Calómuè amagulitsa m'masabata ochepa katundu amene amawadyetsa chaka chonse. Ndi nthawi yomweyi pamene mwini sitolo amatha kuzindikira kuti sakudziwa matumba enieni amene atsala mosungira katundu. Kope likunena china, kompyuta ikunena china, mnyamata wa pa sikelo nayenso ali ndi chiwerengero chake.

Excel siyoyenera kunyozedwa. Kwa munthu wa sitolo imodzi, amene amatsegula yekha m'mawa n'kutseka yekha madzulo, imakwanira ndithu, ndipo siidya ndalama zambiri. Vuto limayamba malonda akabala nthambi yachiwiri. Fayilo imodzi ija imayamba kuyenda pa WhatsApp: wa ku nthambi alembamo zake, mwini sitolo alembamo zake pa kompyuta ya kunyumba, pakutha pa sabata pali mafayilo atatu a dzina limodzi ndipo palibe wodziwa lolondola. Wina akafufuta mwangozi kabokosi kophatikiza ziwerengero, masamu onse amasokonekera popanda chenjezo. Choopsa kwambiri n'chakuti fayilo yotere siisonyeza amene wasintha matumba 40 kukhala 34, kapena tsiku limene wasinthira. Mabanja ena adanirana pa nkhani zotere, pakuti wogwira ntchito m'sitolo nthawi zambiri amakhala mphwake kapena mlamu wa mwini wake.

Kuno kumalire pali zina zowonjezera. Malonda amayenda pa ndalama ziwiri, metikali ndi kwacha. Mu Novembala 2023 dziko la Malawi linatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti tsiku limodzi, pakatikati pa nyengo yogula feteleza. Wamalonda amene analemba ngongole ya mlimi mu kwacha, osalemba mtengo wosinthira wa tsiku limenelo, analibe poyambira powerengera zimene wataya. Miyezo nayo ndi yambiri: thumba la ureya la makilogalamu 50 limatsegulidwa n'kugulitsidwa pa kilo, chimanga chimagulidwa pa ndowa, kenako chimauma n'kupepuka kapena kudyedwa ndi anankafumbwe. Malipiro ena amabwera pamanja, ena pa M-Pesa, e-Mola kapena mKesh, nthawi zina pa nambala ya wogwira ntchito osati ya sitolo.

Apa ndi pamene mapulogalamu opangidwira kusamala katundu amasiyana ndi Excel. Thumba likagulitsidwa, pulogalamu imalichotsa yokha pa chiwerengero, ndipo nthambi zonse zimaona nambala imodzi. Wogwira ntchito aliyense amalowa ndi dzina lake ndi nambala yake yachinsinsi, motero chilichonse chosinthidwa chimakhala ndi mwini wake. Mbewu ya chimanga ndi mankhwala opopera mbatata ndi tomato zimalembedwa ndi tsiku lothera mphamvu, zakale n'kumatuluka poyamba. Kwa mlimi mfundo imeneyi si yaing'ono, chifukwa mbewu yogonera chaka m'malo otentha simera bwino, ndipo iye amadziwa zimenezi itakhala kale m'nthaka. Makampani a mumzinda wa Tete, Beira ndi Maputo akhala akugwiritsa ntchito mapulogalamu ngati Primavera ndi PHC kwa zaka zambiri. Aang'ono oyenda pa foni aliponso.

Msonkho ukukankhanso amalonda kulowera komweko. Pamene ISPC, msonkho wosavuta wa amalonda ang'onoang'ono, unakhazikitsidwa mu 2009, malire ake anali metikali 2.5 miliyoni pa chaka. Malirewo amayang'ana ndalama zonse zogulitsira, osati phindu, ndipo wogulitsa feteleza amagwira ndalama zambiri ngakhale phindu pa thumba lili lochepa. Wodutsa malire a ISPC amalowa m'ndondomeko ina ya msonkho, imene imafuna mabuku omveka ndi fatura yokhala ndi NUIT. IVA inatsika kuchoka pa 17 kufika pa 16 peresenti mu Januwale 2023, koma udindo wosunga mapepala sunatsike. Makampani ndi mabungwe ogula soya kapena nyemba zambiri nthawi imodzi safuna kapepala kong'ambidwa m'kope.

Komabe wogula pulogalamu mothamanga angadzigulire mavuto. Magetsi a EDM amazima, ndipo m'midzi ina netiweki imapezeka pa chulu pokha. Kumapeto kwa Okutobala ndi mu Novembala 2024, pa nthawi ya zionetsero zotsatira chisankho, intaneti ya pa foni inkadulidwa m'dziko muno. Sitolo imene singagulitse popanda intaneti ikanakhala pansi m'masabata omwe alimi amafuna mbewu. Choncho funso loyamba kwa wogulitsa pulogalamu ndi loti kodi imagwira ntchito intaneti ikasowa, n'kudzatumiza zonse ikabwerera. Lachiwiri ndi ndalama: mapulogalamu ambiri amalipiridwa mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka, ngakhale mu Febuluwale pamene m'sitolo mulibe wogula. Katswiri wokonza akakhala mumzinda wa Tete, ulendo wake wofika ku Ulónguè ndi wa makilomita oposa 200, ndipo wolipira ndi mwini sitolo. Mapulogalamuwa amalankhula Chipwitikizi kapena Chingerezi, choncho wogulitsa amene analekeza sukulu panjira amafunika kuphunzitsidwa moleza mtima. Ndi bwinonso kufunsiratu ngati mndandanda wa katundu ndi wa angongole ungatulutsidwe tsiku limene mwini sitolo wasiya kulipira.

Pulogalamu siigwira wakuba amene sanalembe n'komwe zimene wagulitsa. Imasunga zimene yauzidwa, zoona kapena zabodza. N'chifukwa chake kuwerenga matumba ndi manja, limodzi ndi limodzi, sikutha.

Alimi a fodya ogwira ntchito ndi Mozambique Leaf Tobacco akudziwa kale ndondomeko yoti zipangizo zotengedwa pa ngongole zimalembedwa pa dzina la mlimi n'kudzadulidwa pogulitsa. Masitolo ndi mabungwe a alimi akamalowa m'njira yomweyi, kaundula yense amakhala m'manja mwa wokongoza. M'kope mlimi ankatha kuona tsamba lake n'kusainapo. Pa kompyuta saona kanthu pokhapokha atapatsidwa lisiti. Wotenga matumba awiri a NPK kuti adzabweze atakolola ayenera kutuluka m'sitolo ndi pepala losonyeza tsiku, kuchuluka kwa katundu, mtengo ndi ndalama imene ngongoleyo yalembedwera, metikali kapena kwacha.

Nthawi yabwino yosinthira ndi pamene katundu wachepa ndipo ogula sakupanikiza, monga mu Malichi kapena Epulo kwa ogulitsa feteleza. Kope ndi pulogalamu ziyende limodzi mwezi umodzi kapena iwiri, mpaka ziwerengero zake zitagwirizana ndi matumba amene ali pansi.