ZA CHIPHASO CHA KUFUNA GOLIDI NDI MIYALA YA MTENGO WAPATALI

Kwa Mafumu olemekezeka ndi Mamembala onse a Bungwe lathu, a pa Chinakanaka ndi midzi yonse ya m'tsinde mwa Phiri la Mulanje.

Tisanakomane pa msonkhano ulinkudza, tiika pamaso panu mlandu uwu, kuti mudze mutaulingalira.

Lamulo la Migodi la 1981 linasinthidwa mu 2019, ndipo linasinthidwanso mu 2023. Onse atatu anena chinthu chimodzi, kuti chuma cha pansi pa nthaka sichiri cha mwini munda, kapena cha mfumu, koma cha dziko lonse. Chifukwa chake munthu wofuna golidi kapena miyala ya mtengo wapatali ayenera kukhala ndi chiphaso, angakhale achita pa Loweruka lokha ndi beseni la mkazi wake. Akaupeza mwala nafuna kukumba, afunika chiphaso china cha mgodi waung'ono. Wogula ndi kugulitsa, chakenso china. Mphamvu ya ziphaso izi siiri pa boma la Mulanje iai, iri ku bungwe loyang'anira migodi ku Lilongwe.

Ife sitikana lamulo. Tinaona ndi maso athu m'mwezi wa March 1991 ku Phalombe, ndiponso m'March 2023 pa namondwe wa Freddy, chimene phiri lichita nthaka ikasweka. Tidziwa kuti maenje osakwirira m'mbali mwa Likhubula kapena Thuchila adzameza ana ndi mbuzi, nadzaononga madzi amene timwa. Madzi akatayika saoleka. Chimene tikana ndicho lamulo lokhala ndi khomo lalikuru la wachuma, ndi kachibowo ka mbewa ka wosauka.

Taonani. Mu 1924 Frank Dixey, mzungu wa Boma woyesa miyala, anapeza bauxite pa phiri lino, ndipo kuyambira pamenepo alendo sanaleke kuliyang'ana ndi maso a njala. Mu 2011 kampani ya ndarama za ku Japan ndi Canada inayamba kuboola nthaka pa Chambe, kalata wa Boma ali m'manja. Kampani iri nao makalaliki ndi odziwa malamulo. Nanga mnyamata wothyola tiyi, amene Chingerezi cha m'mafomu chimkanika, ndi ndarama ya ulendo alibe, adzalowera pati? Adzakumba usiku, ndipo tsiku lomwelo adzachedwa mbala. Mu 2018 asilikari anapitikitsa okumba ku Namizimu ndi ku Makanjira m'boma la Mangochi. Mu 2021 Reserve Bank inayamba kugula golidi kwa okumba ang'onoang'ono. Kodi Boma lidzagula ndi dzanja lamanja chimene liletsa ndi lamanzere?

Ena adzati, Chiphaso chikapepuka, aliyense adzathamangira ku phiri ndi khasu. Ife titi, wa chiphaso adziwika dzina lake, mudzi wake ndi malire ake. Akasiya dzenje, mfumu idziwa khomo logogoda. Wokumba mobisa ndiye alibe womfunsa, ndipo mwala wake augulitsa pa mtengo wa nkhuku kwa wodutsa nao malire pa Muloza. Apo ataya ndi iye, ataya ndi dziko.

Chifukwa chake tipempha msonkhano ubvomereze mau awa, kuti apite kwa Bwana D.C. ndi kwa aphungu athu:

1. Chiphaso cha wofuna miyala ndi manja ake chizitengedwa pa boma la Mulanje, pa mtengo umene mlimi akhoza kulipira.

2. Mafomu ndi malamulo ake alembedwe m'chinenero chathu, nawerengedwe pa mabwalo a mafumu.

3. Pasatuluke chiphaso chiri chonse, cha munthu kapena cha kampani, mfumu ndi anthu ake asanafunsidwe poyera.

4. M'nkhalango ya Boma ya pa phiri, yosungidwa kuyambira 1927, imene UNESCO inailemba mu 2025 pakati pa malo a mbiri a dziko lonse lapansi, asakumbe munthu, wamng'ono kapena wamkuru; chimodzimodzi pa manda ndi pa akasupe.

Inu mafumu, nthaka iyi munailandira kwa makolo kuti muisungire adzukulu. Mukakhala chete, ena adzalemba malamulo ake inu mulibe. Idzani nonse, ndipo yense adze ndi mau a mudzi wake.

Ife ndife anu mu nchito ya dziko,
A Komiti ya Bungwe.