NDEMANGA: Njira ya Wapansi Nayonso Ndi Msewu

M'mawa uliwonse, dzuwa lisanatuluke, anthu miyandamiyanda amatsetsereka kuchokera ku Ndirande kupita ku mafakitale a ku Makata ndi ku Ginnery Corner. Ena amachoka ku Bangwe kulunjika ku Limbe, ena ku Machinjiri kupita ku Chirimba, pamene a ku Chilomoni ndi ku Zingwangwa amalowera m'tauni. Ambiri mwa iwo amayenda pansi kapena kupalasa njinga. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 800,000 mumzinda wa Blantyre, ndipo eni magalimoto ndi ochepa pakati pawo.

Koma tikamakamba za misewu, timangoganiza za phula ndi galimoto. Wapansi amasiyidwa kuti adzionere yekha: uku ngalande, uku minibasi, kutsogolo malonda oyalidwa panjira. Powoloka mitsinje monga Nasolo, Mudi, Naperi ndi Likhubula, m'malo ena anthu amadalira miyala kapena timilatho tamitengo. Namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023 ndi kupha anthu ambiri ku Chilobwe ndi madera ena, tonse tidaona mmene madzi a m'mapiri athu amakokololera njira ndi milatho.

Ife tikuti ovutika kwambiri ndi ana asukulu. Kuyambira 1994 maphunziro a pulayimale ndi aulere, koma ulerewo umthandiza chiyani mwana amene wabwerera pamtsinje wodzaza?

Tsono tikupempha Khonsolo ya Mzinda wa Blantyre pamodzi ndi bungwe la Roads Authority kuti msewu uliwonse umene akumanga kapena kukonza ukhale ndi mbali ya anthu apansi ndi apanjinga, ngalande zovindikira ndiponso powolokera pooneka bwino pafupi ndi sukulu, msika ndi chipatala. Aphungu ndi makhansala akumbukire kuti kamlatho kasimenti sikadya ndalama ngati msewu waphula, koma kamatumikira anthu ambiri tsiku ndi tsiku.

Aphunzitsi nawonso ali ndi mbali yawo. Iwo ndiwo asunga kaundula, motero adziwa ana amene amajomba mvula ikagwa ndi kumene anawo amachokera. Mphunzitsi wamkulu aliyense alembe malo oopsa amene ana ake amadutsa, ndipo komiti ya sukulu ipereke kwa khansala, kuti pogawa ndalama zachitukuko pasakhale wonena kuti sadamve.

Anthu a m'malokeshoni, ifenso tileke kutaya zinyalala m'ngalande, kumanga nyumba panjira ndi kukumba mchenga m'tsinde mwa milatho. Ntchito zodzithandiza monga kulambula njira sizifuna chilolezo cha munthu. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Ntchitoyi igwiridwe m'chilimwe, pakuti mvula ya Novembala siyembekeza msonkhano.