Quiero yekha sakwana

Sabata ino pa Nsaru ndinamva mnyamata wosapota Real Madrid akuloweza Chisipanishi pafoni, ndipo ankangoti quiero, quiero (ndikufuna, ndikufuna), ngati mwana wolirira zitumbuwa. Komatu ku Madrid wogula waulemu amati quería kapena quisiera, ndendende mmene ife timanenera pagolosale kuti "ndimafuna sopo", chonsecho sopoyo tikumufuna pompano. Mawu ena otanthauza kufuna, desear, amamveka kwambiri m'makalata ndi pofunira mnzako zabwino. Querer, kholo la quiero, amanyamulanso chikondi: te quiero mayi amauza mwana wake, si wa zibwenzi zokha ayi. Foni imakupatsa mawu msangamsanga, koma zoti ukuyankhula ndi mkulu kapena mnzako ilibe nazo ntchito. Inu ophunzira pafoni, yambani mwadziwa quisiera.