Musatimangirire mapazi ku njinga

Ena a inu amene munadutsa m'manja mwanga n'kukapeza ntchito m'tauni mwayamba kamwano. Mwagula njinga zopepuka ndi zovala zothina, ndiye mukutiuza ife aphunzitsi anu kuti wopalasa ndi mapedulo wamba, ongopondapo, sadziwa njinga. Akuti njinga yeniyeni ndi ija nsapato imakola pa pedulo kuti khaa! Ine ndikukana.

Mapedulo okolawo ali ndi eni ake. Kampani ya Look ya ku France inawatulutsa mu 1984, ndipo mu 1985 Bernard Hinault anapambana nawo mpikisano wa Tour de France. Shimano inabweretsa ake a SPD mu 1990. Komatu Hinault ankathamanga pamsewu wotsekedwa, apolisi akumulambulira njira. Nanga mphunzitsi wopita kusukulu m'mamawa amamulambulira ndani? Iye amakumana ndi mchenga, mbuzi, minibasi yoima mwadzidzidzi, makope a kalasi yonse ali pa kaliyala. Kuti phazi lichoke pa pedulo yokola, uyenera kupotoza chidendene kunja. Ukachedwa pang'ono, wagwa chammbali pamodzi ndi njinga. Kukakhala kutsogolo kwa ana a Fomu 2, zithera kuseka ndi dzina latsopano. Kukakhala m'mbali mwa lole, palibe woseka.

Mumati phazi likakola mumakoka pedulo pobwerera m'mwamba, ndiye mphamvu zimachuluka. Pothamangitsana kumapeto kwa mpikisano, chabwino. Koma paulendo wamba njinga imayenda ndi mwendo wopondereza pansi, winawo umangozichotsa panjira. Kafunseni akabaza. Munthu wanyamula mayi ndi thumba la chimanga, wavala patapata, nthawi zina pedulo inaphwasuka kale kwatsala kachitsulo kapakati kokha, koma akukwera chitunda osatsika. Ameneyo ndiye sadziwa njinga?

Ndiye ndalama. Mapedulo, nsapato zakezake, ndi tizitsulo tapansi pa nsapato timene timaperepeseka n'kufuna tina. Pa malipiro a mphunzitsi! Tikatha, mmisiri wathu wa pansi pa mtengo wa mango satisunga, pomwe pedulo wamba amakusinthirani musanamalize chinangwa chootcha.

Amene mumapita kumipikisano, kolani, sindikuletsani. Koma mukamabwera pa holide n'kufuna kutikumbukira, mutigulire mapedulo achitsulo okhala ndi timano, osaterera mvula ikagwa, ndi kanyale kofiira kakumbuyo.